Masipika aja asasa mawu

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Chulu tili bwino, mwendo wa amayi uja unapola.

Masipika munatumiza aja ndinawayesa m'chigafa ndi ampulifaya yanga yakale yaing'ono ija, analira bwino. Koma Loweruka pachinkhoswe, pabwalo, nyimbo zinangothera mumphepo. Nditakweza kwambiri, sipika imodzi inasasa mawu n'kuyamba kununkha waya wopsa.

Wokonza mawailesi paboma akuti, "Ampulifaya yaing'ono ndi imene imapha sipika mukamaikakamiza." Kodi n'zoona? Ine ndinkaopa yaikulu. Nanga mphamvu zake amazifananiza bwanji ndi za sipika?

Mundifunsireko kumeneko msanga. Ukwati wa mlongo wathu wayandikira, ndipo iye wanenetsa kuti anthu akadzapanda kuvina, ndidzaimba ndekha pakamwa mpaka perekaniperekani atatha.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu.