Pepala Munandituma Lija

Msumba, 9 Julayi

Okondedwa bambo a Salma,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Lisboa, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Mwera wavuta, usipa ukusowa, koma amayi anu ayamba kuyendako opanda ndodo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandiseketsa mpaka ndimaiwala chimene ndimafuna kunena.

Pepala munandituma lija ndinakatenga. Ndinapita kawiri ku ofesi ya boma ku Metangula ndi amalume anu a Barnaba, amene anakakhala mboni. Munati ndi lokuthandizani kukhala kumeneko mwamtendere, kuti apolisi asamakuthamangitseni, muzijambula mtima uli m'malo. Ndinalikulunga m'chitenje kuopa fumbi, ndipo njira yonse ndinkadzitama kuti ndathandiza mwamuna wanga.

Mukudziwa bwino kuti ine sukulu ndinaphunzira ku Likoma nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi cholemba sindichimva. N'chifukwa chake munatuma ine, si choncho?

Lamulungu ndinaonetsa mng'ono wanga Yudita, mphunzitsi uja, mongonyadira. Anawerenga mpaka kumapeto. Kenaka anandiuza kuti pepalalo likuchitira umboni kuti inu, Filipo Sikudhani, simunakwatirepo. Ndinaseka, ndinati mwina alakwitsa dzina. Iye anati sanalakwitse, poti ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi kokha, kuboma sitinakalembetse.

Ndinapita kwa a Barnaba, ankhoswe athu omwe. Anayamba kukamba za mvula, mu Julayi! Nditawapanikiza anavomera kuti kumeneko kuli mayi wina, Ermelinda, mwini nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja, ndipo mukamukwatira boma silidzakubwezaninso kuno. Akuti ndi ukwati wa papepala chabe. Ndinawafunsa kuti, "Nanga wathu wopanda pepalawu ndi wa chiyani?" Anangobwereranso ku nkhani ya mvula ija.

Bambo a Salma, mtima wanga wasweka. Pamene anthu ankakusekani kuti mwamuna mzima akutha penti pojambula mbalame pamaboti a eni m'malo mopita kunyanja, ndinkakuikirani kumbuyo ndine. Ndinakhala masiku atatu pafupi ndi thandala la usipa osagwedezeka, khosi kuwawa, kuti mundijambule. Chithunzi chomwecho ndicho chinakutengerani kumeneko.

Yudita akuti pepalalo ndiling'ambe. Ndayesa, manja akana. Ndikaling'amba mudzabwera, koma mudzakhala pakhonde kuyang'ana nyanja ngati munthu wodwala, ndipo tsiku lililonse mudzandida. Ndikalitumiza, simubweranso. Kulikonse mwamuna ndilibe.

Ndiye ndaliika m'envulopu momwemu. Silinade, mudzaona nokha.

Ndikupempha chimodzi. Anthu akaima patsogolo pa chithunzi changa n'kufunsa kuti mayiyu ndani, musamati ndi mayi wina wa kunyanja. Muzitchula dzina langa, ngakhale mayi Ermelinda ali pomwepo.

Salma akupereka moni. Akufunsabe ngati mudzamubweretsera mapensulo amitundu aja, ndipo sindinamuuze kanthu. Mundiperekere moni kwa msuweni wanu Rogerio ngati mumaonanabe. Mulungu akusungeni, adalitsenso manja anuwo.

Ndine mkazi wanu pamaso pa Mulungu yekha,

Dailes