Tiyi wanu wa ku Mpepo

Amayi, kumeneko zikuyenda bwanji? Ife kuno ku Mbamba Bay tilipo. Akazi awo a achimwene Yohane anachira ku Liuli, mwana wamkazi. Chinangwa chachita bwino, koma usipa chaka chino wavuta.

Nkhani yaikulu ndi tiyi uja munabzala kumunda ku Mpepo, amene ndimaphikira anthu pa kibanda, kachisakasa kanga kogulitsirapo tiyi padoko. Chaka chimene munatisiya sitinathire mbolea, feteleza uja. Masamba anachita chikasu, nsonga zinachepa, ndinkathyola m'mawa wonse dengu osadzaza. Ndiye chaka chathachi achimwene anati akonze zinthu. Anatenga yuleya yotsala ku chimanga n'kuthira dzanja lodzaza pa tsinde lililonse, mwina amayembekeza kuti tiyiyo abereka chimanga.

Masamba anabwera ambiri, aakulu, obiriwira mpaka kuda. Koma nditafotetsa, kusinja ndi kuyanika monga munkachitira, chai yake inangokhala madzi ofiira opanda fungo. Bambo Haule, asodzi aja sankaphonya pa kibanda, anamwa theka n'kunena kuti, "Mwanangu, iyi si chai ya amayi ako. Nena zoona, wagula ya m'paketi eti?" Zinandiwawa, Amayi. Masiku ano amangopereka moni n'kupitirira.

Achimwene nawo atopa. Akuti, "Mlongo, mitengo iyi ikungodya malo. Ndizula, ndibzale khofi." Munda ndi wawo, ana akuchuluka, sindingawadzudzule.

Munkati, "Tiyi safuna kukhuta, amangofuna kulawa." Koma kulawako n'kochuluka bwanji simunatiuze. Munkangotapa ndi zala uku mukucheza, ife maso ali kwina. Tinali opusa ndithu.

Ndawapempha achimwene nyengo imodzi yokha, avomera. Mzere wina ndathira yuleya ya zala zitatu, wina ya kabokosi ka machesi, wina manyowa a mbuzi okha. Tikakolola ndidzawaphikira achimwenewo makapu atatu osawauza kanthu. Imodzi ikakoma ngati yanu, khasu abweza m'nyumba.

Ndikulonjeza kuti ndiisamala mizereyi mpaka tsikulo. Chimene chikundiopsa n'chakuti dzulo ndinayesa kukumbukira kakomedwe ka chai yanu, ndipo sikanabwere msanga.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Agnesi