Kachinayi Ndinakawotcha Ndekha

Lolemba, 6 Meyi
Ndamulanda mwana wanga wamkazi timabuku take ta makatuni. Tinayi, tonse ta mizukwa. Kapamwamba ndakaponya pambaula iye akuona. "Za Satana m'nyumba mwanga ayi!" Sanalire. Maso tong'o pamoto, basi. Totsalato ndaika m'chikwama, ndikatiwotchere kushopu.

Lachitatu, 8 Meyi
Makasitomala zii, makina osokera ali duu. Ndinati ndingotsegula kabuku koyamba, ndione kuipa kwake. Nkhani yake, mayi wina wamwalira koma sakudziwa. Akungozungulira m'nyumba kulalatira mwana wake za mbale zosatsuka, mwanayo osamva kanthu. Amujambula wopanda mapazi, kukamwa yasa. Ndinaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunandithera.

Lachinayi, 9 Meyi
Amayi busa anabwera kudzayesa diresi lawo. Kabuku kachiwiri ndinakakhalira msangamsanga. Akuti Lamulungu ndikaime kutsogolo, ndikauze makolo anzanga mmene ndinayeretsera nyumba. Ine "Ameni", mzukwa uli kunsi kwa matako. Mayi wamkulu ngati ine! Manyazi.
Kunyumba mwana akungoti "inde amayi", "ayi amayi". Akadangondituka bwenzi kuli bwino.

Loweruka, 11 Meyi
Kachitatu. Mzukwa uja wazindikira kuti anafa. Wapatsidwa mpaka mbandakucha kuti mwana wake amve mawu ake kamodzi kokha, apo ayi asowa mpaka kalekale. Tsamba lomaliza waima pakhomo la chipinda cha mwanayo, dzanja m'mwamba, ndiye chitseko chake ngati chathuchi. Ndasoka mkono wa malaya a munthu chadodolido.
Ndapisa m'chikwama kufuna kachinayi. Mulibe. Kachinayi ndi kaja ndinaponya pambaula. Ine chitsiru ine.

Lamulungu, 12 Meyi
Kutchalitchi sindinapite, ndati mutu. Wogulitsa mabuku pamsika akuti kachinayi kanatha kalekale. "Funsani ana, amayi, ndi amene amadziwa." Mwana amene akudziwa ndili naye m'nyumba. Sabata yathunthu osandiyang'ana kumaso.

Lolemba, 13 Meyi
Ndinaima pakhomo la chipinda cha mwana wanga, timabuku titatu m'manja. Ndinagogoda. Chibadwire chake sindinagogodepo chitseko chimenecho, ndimangokankha.
Ndinati, "Kodi mwana uja anamumva mayi ake?"
Anayang'ana timabuku, anayang'ana ine. "Si za Satana kodi, amayi?"
Pepani anatuluka ngati wa mwana wakuba shuga.
Anasendera kukhoma, n'kusasa bulangete.
"Khalani apa. Ndi yaitali. Koma musandidule mawu."
Sindinamudule.