Sola Yanga Isakhomedwe Padenga

Amayi, kodi mukugona bwanji kumeneko?

Ndikudziwa zimene timaphunzira ku tchalitchi, kuti amene anatsogola ali m'tulo ndipo samva kanthu kufikira tsiku la lipenga. Sindikutsutsa ayi. Koma ngakhale muli moyo nkhani zanga zambiri ndinkakuuzani mukuwodzera pamphasa, chifukwa mukandiyang'ana mawu ankandithawa. Ndiye inu gonani choncho, ine ndizilankhula.

Kuno tilipo. Alamu anachira ku Limbe, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Sindinamunyamulebe, ndangomuona pafoni, koma chipumi ndi chathu ndithu. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula pamene chimamasula. Nandolo ndiye wabereka mpaka nthambi kukhudza pansi, kungoti ndikusowa wosenda naye. Mapeyala akugwa okha usiku, m'mawa ndimapeza agalu anditsogolera. Anapiye a thadzi loyera lija kabawi wawatha.

Maliro atatha anthu anabalalika monga amachitira. Poyamba amayi a Dorika ankabwera kudzandiona. Kenako mvula inagwa, tiyi anaphukira, aliyense anabwerera ku dengu lake ku esiteti. Sindikuwadandaula. Munthu akabwera ine ndimangoyang'ana pansi n'kumayankha kuti eya, ndiye angakhalitse bwanji? Paja munkauza anzanu kuti, "Mwana wangayu ndi chinangwa, zabwino zake zili pansi, koma abwere ndi khasu ndani?"

Nkhani imene ndakulemberani ndi ya sola. Achimwene a Yohane ananditumizira kuchokera ku Limbe, ati ndisamakhale mumdima ndiponso foni isamazime. Inu munkangoziona patali pamadenga a mabwana, ndiye ndikufotokozereni bwino. Kukula kwake ndi ngati zenera la kuchipinda kwanu. M'mphepete mwake muli chitsulo choyera chopepuka ngati cha sefuliya, ndipo pamwamba ponse ndi galasi. Ukaiona patali umati ndi yakuda. Ukaiyandikira dzuwa likuwomba ndi yabuluu, buluu wa yunifolomu yanu ya Dorika isanasuluke, koma woderapo. Mkati mwa galasimo muli timabokosi tofanana ndendende, ngodya zake zodulidwa pang'ono, kotero kuti pamene tinayi takumana pamatsala kadiso koyera. Kenako pali timizere tasiliva, tina tonga ulusi, tina tonenepako, tonse towongoka kuchoka uku kufika uko. Inu amene munkandiphwasulitsa msoko ukangokhota pang'ono, apa mukanasowa chonena. Kumbuyo kwake ndiye kosakongola, koyera chabe, kuli kabokosi kakuda ndi nthambo ziwiri zopita ku batire.

Tambala wathu anadana nayo tsiku loyamba lomwe. Anaona mnzake m'galasimo nayamba ndewu, mpaka ndinachita kumuthamangitsa ndi tsache. Ndinaseka ndekha, kenako ndinachita mantha ndi mawu anga omwe, poti ndinali nditaiwala kamvekedwe kake.

Poopa akuba sindiisiya panja. M'mawa ndimaikumbatira pachifuwa, galasi likuyang'ana kutsogolo, n'kukaitsamiritsa pa mwala uja munkawotherapo dzuwa mukudwala. Madzulo ndimaipukuta fumbi n'kuilowetsa. Sabata loyamba ndinavutika mumtima ngati kutero si kugwira ntchito. Ndinakumbukira kuti inunso ndinkakutulutsani padzuwa pa Sabata, ndiye ndinaitulutsa.

Mwezi wa Juni kunabwera chiperoni. Nkhungu inatsekera minda yonse ya tiyi, ngakhale mtengo wa mapeyala sunkaoneka uli pakhonde. Sola inakhala m'nyumba, inenso ndinakhala m'nyumba. Ndinali ndi chimfine, koma kunena zoona sichinali chachikulu. Kungoti panalibe woti ndimutulutse, ndiye ndinasowa chodzukira. Nkhungu itachoka dzuwa linawala bwino, koma ine ndinapitiriza kugona.

Tsiku limenelo chakumadzulo ndinamva odi. Anali amake Joyisi, anzanu aja munkathyola nawo tiyi mzere umodzi. Anachokera kusikelo yoyezera tiyi, akadali ndi pulasitiki yawo ya m'chiuno, n'kukwera chitunda chathu chonsechi ndi bondo lawo lotupa lija. Anandiuza chinthu chimene sindinkadziwa. Ati m'mawa uliwonse akakhala m'munda wa kutsidya kwa mtsinje, pakhomo pathu pamathwanima kamodzi, ngati mphezi yopanda bingu. Poyamba anadzidzimuka, kenako anazindikira kuti ndine ndikutuluka ndi galasi lija pachifuwa. Kuyambira pamenepo ankati akangoona kuthwanimako amadziwa kuti mwana wa mnzawo wadzuka, n'kupitiriza kuthyola mtima uli m'malo. Masiku a nkhungu sanadandaule poti kunalibe dzuwa. Koma dzuwa litatuluka pakhomo n'kukhalabe zii, masamba anawakanika m'manja.

Sanakhalitse. Anandikalipira pang'ono, anasonkha moto, anandisiyira mbatata imene inali kamba wawo, n'kumatsika kusanade. Ine ndinangonena kuti zikomo.

Kuyambira tsiku limenelo sindifulumiranso kukafika pamwala. Ndimaima kaye pakhomo, n'kupendeketsa sola uku ndi uku molunjika kutsidya. Kuchokera pano anthu amaoneka ngati timadontho toyenda m'nyanja ya masamba obiriwira, sindingathe kudziwa kuti uyu ndi ndani. Nthawi zina kadontho kena kamakweza mkono. Mwina ndi iwo akundiyankha. Mwina ndi munthu chabe akuponya masamba m'dengu lake kumsana. Sindinawafunse, ndipo sindikufuna kufunsa. Koma Amayi, patsiku lonse moni wanga ndi ameneyo.

Tsopano vuto ndi ili. Achimwene anaimba foni kuti akubwera kumapeto kwa mwezi uno ndi mmisiri, adzaikhomere padenga ndi zitsulo, iyang'ane kumpoto monga zimafunikira. Ati ndisamavutikenso kunyamula, tsiku lina ndidzapunthwa nayo n'kuswa galasi. Akunena zoona, ndipo ndi chifundo chawo. Koma ikakakhala padenga idzangoyang'ana mitambo. Sidzathwanimanso kutsidya, ndipo amake Joyisi sangamakwere chitundachi ndi bondo lija kudzaona ngati ndili moyo. Adzayang'ana masiku angapo, kenako adzasiya kuyang'ana.

Pafoni ndinayankha kuti chabwino achimwene. Chibadwire sindinawakanirepo kanthu. Ndipo ndiwafotokozera bwanji munthu wa m'tauni, wodzuka pakati pa mkazi ndi mwana, kuti ndikufuna kumasenza galasi m'mawa uliwonse kuti mayi wina wakutali akweze mkono? Adzati ndayamba kusokonekera ndi kukhala ndekha, mwinanso adzati ndilongedze ndiwatsatire ku Limbe, nyumba yanu itsekedwe.

Ndakhala ndikukumbukira zimene munkandiuza ndikabisala kumbuyo kwanu alendo akabwera, kuti, "Manyazi ndi bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi azizidwa." Mapazi anga azizidwa mokwanira chaka chino. Ndiye ndayamba kuyeserera mawu ndikamasenda nandolo. Si ambiri. Ndidzangoti, achimwene, isiyeni pansi, pali amene amaidikira. Akafunsa kuti ndani, ndidzawatengera pakhomo m'mawa, ndiwapatse sola ainyamule okha, ayang'ane kutsidya.

Ndikukulonjezani, Amayi, kuti makwerero akadzatsamira pakhoma ndidzalankhula munthu asanapondepo. Mwina ndidzanena ndikuyang'ana nsapato zawo, koma mawu adzatuluka.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Edina