Tsiku Limene Ndinasiya Bambo pa Benchi

Doncaster,
20 Ogasiti, 2019.

Okondedwa achimwene Clive,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Noreen ndi ana muli bwino ku Dunedin konko. Bambo ali moyo ndipo sanavulale. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti zotsalazi muwerenge mtima uli m'malo. Pa foni Lamulungu ndinakuuzani kuti ulendo wathu wa ku Cleethorpes unayenda bwino. Ndinanama, achimwene, ndipo chichitikireni zimenezi ndikagwada kuti ndipemphere mawu sakutuluka.

Mukukumbukira mmene ndinakanira chaka chatha mutanena kuti Bambo apite ku nyumba yosamalira okalamba. Ndinati ngakhale aiwale chilichonse, ine ndiwasamala ndekha kufikira Ambuye atawaitana. Loweruka ndinafuna kudzitsimikizira kuti ndikukwanitsadi, ndiye tinakwera sitima ya m'mawa.

Tsiku linayamba bwino. Madzi anali ataphwa, nyanja ili kutali, mchenga wokhawokha mpaka pothera maso. Tinayenda pa mlatho wolowa m'nyanja uja, kenako Bambo anakapereka moni kwa abulu onyamula ana, mmodzimmodzi, atavula chipewa. Masana tinagula nsomba ndi tchipisi n'kukhala pa benchi. Mbalame ina inawatsomphola nsomba m'manja, iwo n'kuikalipira kuti, "Wakuba iwe, anakulera ndani?" Ndinaseka mpaka misozi, koyamba m'miyezi yambiri.

Atakhuta anayamba kuwodzera, pepala la tchipisi lili pamiyendo. Kumtunda kwa msewu kuli tchalitchi, ndipo ndinali nditaona kuti chitseko n'chotsegula. Ndinadziuza kuti mphindi khumi zokha. Ndinalowa, ndinagwada, koma sindinawapempherere Bambo ayi. Ndinati, "Ambuye, ndatopa. Ndichotsereni mtolowu." Mawu ake ndi omwewo, sindinachotsepo kanthu.

Nditabwerera, pa benchi panali nsapato zawo, zoikidwa mwadongosolo, masokosi ali m'kati. Iwo kulibe.

Ndinathamangira m'nyumba za masewera a pamakina zija, mwina phokoso la makina lawakopa. Mulibe. Kuchimbudzi cha amuna ndinaima pakhomo n'kumafuula dzina lawo mopanda manyazi. Mayi wogulitsa masiwiti anangopukusa mutu. Pomaliza ndinatsikira kwa mwini abulu aja, bambo wonenepa wovala juzi ngakhale kunali dzuwa.

"Pepani bambo, mwaonako nkhalamba ya jekete yobiriwira, yopanda nsapato?"

"Mayi, ine ndimasunga abulu, ndipo onse alipo," iye anatero. "Nkhalamba zopanda nsapato lero ndi theka la tawuni. Sankhanipo imodzi."

Atandiyang'ana nkhope, nthabwala zinamuthera. "Mukunena aja anavulira bulu wanga chipewa?" Anaika dzanja pachipumi n'kuyang'ana kunyanja nthawi yaitali. "Mulungu wanga. Si awo?"

Ndinaona kadontho kobiriwira, kutali, kutsidya kwa khwawa lija lodutsa pakati pa mchenga.

"Madzi atembenuka kale," iye anatero, uku akutulutsa foni. "Awa sakubwerera kutsogolo, mayi, amakuzembera kumbuyo, kudzera m'khwawamo. Ndikuimbira opulumutsa. Inu khalani pompano. Mayi! Ndati pompano!"

Sindinamvere. Achimwene, ndi Bambo omwewa amene ankatikoka makutu tikangoyandikira khwawa limenelo tili ana. Pooloka, madzi anali a m'mapazi. Ndinathamanga mpaka chifuwa kutentha, ndikupemphera mokweza kuti, "Sindimatanthauza zimenezi, Ambuye, sindimatanthauza zimenezi!" Ndinawapeza ataima phee, thalauza atalipinda mpaka m'mawondo, akuyang'ana mafunde. Nditacheuka, khwawa lija linali litasanduka mtsinje.

"Bambo, tiyeni, madzi akubwera."

"Pepani mayi, ndikudikira mkazi wanga," anandiyankha mwaulemu.

"Ndine Lorraine, mwana wanu. Tiyeni!" Ndinawagwira mkono.

"Ndisiyeni! Ndinu yani? Ndikuitanirani apolisi!" Anandikankha mpaka ndinagwa chagada m'matope. Manja aja akadali ndi mphamvu za kumgodi. Ndinawachonderera, ndinalira, ndinawatchulira dzina lanu, koma ankangondithawa, kulowera komwe kuli madzi ambiri. Mchenga umene tinaimapo unali kuchepa ndikuona.

Amayi anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo sindinaganizepo kuti ndingasewere ndi dzina lawo. Koma ndinadzuka, ndinagwira m'chiuno monga ankachitira iwo, n'kukalipa ndi mawu awo enieni: "Inu a Stanley! Taonani thalauza lanulo! Mukuti achape ndani? Bwerani kuno msanga, tiyi akuzizira!"

Anatembenuka. Nkhope yonse inawala ngati ya mnyamata. "Doreen! Unali kuti? Ndakufunafuna ponseponse." Kenako motsitsa mawu: "Koma usamandikalipire pagulu."

Tinalowa m'khwawa madzi ali a m'chiuno, ozizira ngati akudula mafupa, akutikokera pambali. Kawiri ndinaterereka. Iwo ndi amene anandigwira, akuti, "Gwira zolimba, Doreen, ine ndilipo." Pakati penipeni, pomwe miyendo inayamba kundikanika, anatifikira amuna awiri opulumutsa ndi chingwe. Kumtunda anatifunditsa mabulangete, mwini abulu n'kutibweretsera tiyi wotentha ndi nsapato za Bambo. "Agogo, ulendo wina mukwere bulu," anatero. Mmodzi wa opulumutsawo anandiuza kuti tikanachedwa mphindi khumi bwenzi akunena zina. Atandifunsa kuti Bambo anachoka bwanji, ndinati ndinangocheuka pang'ono. Bodza linanso limenelo.

Abusa athu, a Hepworth, ndinawaululira dzulo. Akuti Mulungu samva mawu a munthu wotopa monga mmene amamvera loya, ndipo kutopa si tchimo. Mwina akunena zoona. Koma ine ndikudziwa chimene ndinapempha, ndipo ndikudziwa kuti ndinatsala pang'ono kupatsidwa.

Lero m'mawa ndaimbira ku nyumba ya okalamba ija munkanena. Lachinayi tikukaona chipinda. Chonde, tikamalankhula Lamulungu musanene kuti munandichenjeza, ndikudziwa. Ndipo ngati kungatheke, bwerani asanasamuke. Sindingathe kulongedza zovala zawo ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo Fiona ndi Callum muwapsompsone m'malo mwanga. Bambo nawonso akupereka moni. Akuuza aliyense kuti sanasangalalepo ndi nyanja ngati ulendo uno. Akudya bwino, akumwa mankhwala osavuta, akuimba posamba. Chichokereni m'madzi muja sanandiitanenso dzina langa ngakhale kamodzi. Akuti Doreen, ndipo ine ndikuyankha. Panopa ndikulemba akundifunsa ngati ndikapita nawo kumene tikupita Lachinayiko, n'kukhala nawo konko. Mundipempherere, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Lorraine