Chithunzi Chanu pa Khoma la Hotela

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Kawale tilipo. Ndinachira mwana wamkazi mu Febuluwale, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga ku Ntcheu chacha bwino chaka chino, kungoti denga la khitchini layambanso kudontha.

Koma nkhani yandikhalitsa pansi ndi ya mwana wanu Limbani. Mukuikumbukira kamera ija munamugulira ku Biwi, imene ankajambulira maukwati ndi zithunzi za ziphaso? Maukwati anawasiya, akuti ndi ntchito ya anthu wamba. Pano amadzitcha atisiti, ati katswiri wa zaluso. Anasunga madiredi, amazungulira ndi azungu ku Mgona, kwa anthu osauka kuja, n'kumauza ana kuti avule nsapato asanawajambule. Mwana akaseka, chithunzicho amachifufuta. Pawailesi ananena kuti anakula akugona ndi njala. Inu amene munkapalasa makina osokera mpaka miyendo kutupa kuti iyeyo aonjezere mbale yachiwiri! Munkanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinkayesa mukunena ana a eni.

Mwezi watha anandiitana ku chionetsero chake kuhotela ina ku City Centre. Ndinapita, poti ndi mlongo wanga. Nditangolowa ndinakupezani pakhoma, Amayi, chithunzi chachikulu ngati chitseko. Muli gone pamphasa, sabata lomwe munatisiya lija, bulauzi itatseguka, nthiti zonse poyera. Nthawi imeneyo ine ndinali panja kuchapa nsalu zanu, iye atandiuza kuti atsala nanu. Pansi pa chithunzicho sanalembepo dzina lanu, analembapo liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza njala. Inu amene munapita ndi khansa, ufa uli wodzaza m'ndowa. Anthu anakuzungulirani, matambula a vinyo kumanja, akupukusa mitu mwachisoni chobwereka.

Ndinamasula chitenje changa n'kukufunditsani. Ndiye anthu aja anayamba kuomba m'manja, poyesa kuti zimenezo zinali zokonzeratu. Nditacheuka ndinamuona Limbani, diso lili pakamera ya vidiyo, dzanja likundikodola kuti ndichotse chitenjecho ndibwerezenso, ati kuwala sikunali bwino. Manyazi analibe ngakhale a galu wogwidwa ali m'khitchini. Ndinatuluka, chitenjecho ndinakusiyirani.

Ndamva kuti vidiyoyo ikukaonetsedwa ku Ulaya, ndipo iye wagula kale jekete ya kozizira. Munkatiuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iyeyo mwendo wanu anauona, n'kuuyeza, n'kupita nawo kumsika.

Mu Ogasiti tikubwera kudzamanga chiliza chanu, ndipo wayamba kale kufunsa tsiku. Ndikukulonjezani, Amayi: akabwera adzasenza thumba la simenti ndi manja onse awiri. Apo ayi, adzatsalira kumsewu pamodzi ndi chikwama chake cha makamera.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tadala