Envelopu yanga inapita yopanda kanthu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Mankhwala amene achemwali anatumiza muzipaka ndithu, osati kuwasungira alendo. Kuno tonse tili moyo, ana akupita kusukulu, koma ine mtima suli m'malo. Muwerenge mpaka kumapeto woyendetsa basi amene wakupatsirani kalatayi asanabwerere, chifukwa ndili ndi pempho losadikira.

Mukudziwa kuti chimalizireni maphunziro ndangokhala wotsuka mbale ndi woperekeza ana a achemwali. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu ali m'maofesi. Alamu sanandithamangitse, koma ayamba kunena pa chakudya kuti mng'ono wawo akubwera mwezi wamawa, ndipo kachipinda kamene ndimagonamo kadzafunika. Mawu otere safuna womasulira.

Ndiye kampani ina yomanga misewu ndi ngalande inalengeza kuti ikufuna munthu wa maphunziro anga enieniwa. Amayi, ntchito imeneyi ndi yanga. Ngalande ya kutsogolo kwa nyumba ino imasefukira mvula ikangowaza, ndipo ine ndimaona pamene anailakwitsa, manja n'kumandiyabwa. Chonditopetsa n'chakuti kampaniyo, zaka zino, sifuna makalata otumiza pakompyuta. Akuti zonse zikhale mu envelopu yomata, adiresi ndi nambala ya ntchito zikhale zotayipa osati zolemba pamanja, ndipo ikaponyedwe m'bokosi la paofesi yawo. Analembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti woponya kawiri adzachotsedwa pa mpikisano. Akadzandilemba, bokosi limenelo ndilo ndidzayambe kuchotsa.

Alamu ali ndi printa pabalaza, makina aja osindikiza papepala zimene walemba pakompyuta. Amasindikizira mayeso a ana a kalasi lawo, ndipo amaifunditsa nsalu ngati khanda. Nditawapempha, anati mapepala ndisindikize, koma envelopu ayi, imatsamwitsa makina. Anati ndingosindikiza adiresi papepala, ndidule, ndimate pamwamba. Ine ndinaona kuti envelopu yachigamba siyenera munthu wofuna kukawongola misewu. Tsiku lotsekera kulandira makalata, iwo atangotuluka m'mawa, achemwali akuchapa kuseri, ndinavundukula nsalu ija.

Ukamaziona pakompyuta zimaoneka zophweka. Pulogalamu yolembera ili ndi malo akeake a maenvelopu: umasankha kukula kwake, umalemba kumene ikupita pakati, dzina lako pakona, kenako imakuonetsa kachithunzi ka mmene uilowetsere. Koma kachithunziko ndi makina samvana. Envelopu yoyamba inatuluka zilembo zili chadodolido. Ina inalembedwa kumsana, pa kachivundikiro komatira paja. Ina inalowa mopendama n'kutuluka itakwinyika ngati malaya a pansi pa sutikesi. Thukuta lili kamukamu, ndinathinitsa timapulasitiki togwira m'mbali, ndinatembenuza envelopu, ndipo yotsatira inatuluka yokongola, yofunda ngati buledi. Ndinaisiya patebulo n'kuthamangira kwa wojambula kukatenga tizithunzi timene amafunanso, makalata onse ali m'chikwama changa.

Kwa wojambula kunali mzere. Pobwera, envelopu patebulo palibe. Ndinasuzumira pansi pa mipando, ndinakutumula nsalu ya printa, osaipeza. Ndinaimbira achemwali, amene anali atapita kale kuntchito. Anayankha mokondwa kuti ndisavutike, anaipeza yomata kale, ndipo poti basi yawo imadutsa pa ofesiyo, anatsika n'kukandiponyera okha kuti ine Waphuma wawo ndisachedwe. Ndinawafunsa kuti yomata bwanji, pamene makalata ndili nawo m'manja. Anati anamvadi kuti yapepuka, koma anaganiza kuti anthu ophunzira amalemba mwachidule.

Ndinatola zowonongeka zija m'bini, ndipo zonse zinali zomatika gwa. Printa ya alamuyi imawotcha ufa wakuda kuti ukakamire papepala. Kutentha komweko, kuphatikiza chinyezi cha mvula ino, kunasungunula guluu. Makina anandimatira envelopu yopanda kanthu, dzina langa lili pakona mooneka bwino.

Envelopu inali itatsala imodzi yokha. Ndinalowetsa kapepala pansi pa chivundikiro kuti guluu asagwire, ndipo m'munsi mwa adiresi ndinawonjezera mzere wonena kuti iyi ndiyo ili ndi makalata, inzake inabwera yopanda kanthu mwangozi. Makina anaikoka. Inatuluka bwino.

Ku ofesiko bokosilo ndi lachitsulo, lili pakhonde pafupi ndi masitepe, maloko lendelende. Ndinapempha mayi wolandira alendo kuti atsekule, ndingochotsa yanga yoyamba. Anati makiyi ali ndi akuluakulu, ndipo bokosi limatsekulidwa komiti yonse ilipo. Mlonda analowererapo kuti nkhani ngati yangayi amazimva chaka chilichonse, ena amabwera mpaka ndi misozi yobwereka. Ndinamuuza kuti yanga si yobwereka. Mayi uja ananena kuti iye sangandilangize, ndisankhe ndekha kukhala mtsikana amene anatumiza mpweya kapena amene anaphwanya lamulo. Kumbuyo kwanga anthu anali atayamba kung'ung'udza kuti asisi aponye kapena apatuke. Ndinaponya. Phokoso lake pogwera m'katimo ndikulimvabe.

Kunyumba nakonso sikunathe bwino. Pothamanga ndinaiwala kubwezera pulogalamu ija pa pepala wamba, ndiye alamu posindikiza mayeso madzulo, mafunso anatuluka atapanikizana pakati ngati adiresi, ena oduka. Sanakalipe. Anangozula chingwe cha printa n'kukachitsekera mu wadirobu, ndipo kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni. Achemwali nawo akungodziimba mlandu kuti andiphera tsogolo. Mukamayankhula nawo musawadzudzule, Amayi, anachita mwa chikondi. Ndikudziwa kuti inu munena kuti kuthamanga si kufika. Ndamva kale, ndipo sindikutsutsa, koma kukhala pansi nakonso sikunandifikitse kulikonse.

Dzulo masana foni inalira. Anali bambo wina wa ku kampani kuja. Anati ndipite Lachinayi kukafunsidwa mafunso, ndipo ndikatenge satifiketi yeniyeni ya digiri, osati kope. Wopanda yeniyeni sadzalowa n'komwe m'chipindamo. Ndisanathokoze, anawonjezera kuti maenvelopu anga onse awiri ali patebulo la bwana wamkulu, kuti ena m'komiti ankafuna dzina langa lichotsedwe monga mwa lamulo, ndipo ndikonzeke kukafotokoza ndekha. Sindikudziwa ngati akundiitanira ntchito kapena akungofuna kuona nkhope ya munthu wotumiza mpweya. Chilichonse chimene akufuna, ndikalowa ndipo ndikayankhula.

Pempho langa ndi ili. Satifiketi ija ili pakhoma la pabalaza panu. Ndikukumbukira munanena kuti idzatsika inu mutapita, ndiponso ndikudziwa kuti alendo mumawakhazika mpando woyang'ana komweko. Koma chonde, Amayi, itsitseni. Bambo awongole timisomali ta kumbuyo kwa felemu pang'onopang'ono, galasi lisasweke n'kuicheka. Musaipinde. Muiike pakati pa makatoni awiri, mukulunge m'pulasitiki chifukwa cha mvula, ndipo mupatse woyendetsa basi yemweyu m'manja mwake, osati kondakitala. Akubwerera kuno Lachiwiri, ndipo ine ndikamudikira pa depoti. Akafika chimanjamanja, mudziwe kuti mwezi wamawa ndikubwera ndi chikwama changa, tizidzaiyang'ana tonse pakhomapo. Ikabwera, ndikulonjeza kuibweza ndekha, ndipo mwina pambali pake mudzakhomanso kalata yondilemba ntchito.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze kuti magalasi awo owerengera avale pochotsa misomali. Moni kwa azakhali ndi ana awo, kwa amalume, ndi kwa mlongo wanga, amene ndikudziwa kuti aseka mpaka kugwa akamva nkhaniyi. Musiyeni aseke, koma asakhudze satifiketi. Achemwali ndi ana akuti moni wambiri. Alamu sananene kanthu, koma moni wawo ndauikamo ndekha.

Chomaliza, Amayi: musanamate phukusilo, musuzumiremo kaye. Mukamata, mulitukule padzuwa, muone kuti satifiketi ilimodi.

Ndine mwana wanu wosakhazikika,
Waphuma